Mwana sakuyankhula, sacheuka, amatseka makutu: njira yokamuyezetsa kuno ku Tete

Ndimasamalira ana aang'ono pa escolinha ya mpingo wina kuno ku Angónia, ndipo mwezi sutha popanda mayi kapena agogo kundikokera pambali n'kufunsa chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, mwana wangayu mukumuona bwanji?" Ena amatumiza mawu pa WhatsApp usiku ali ku Tsangano, ku Furancungo, ena ku Moatize. Nkhani zake zimafanana. Mwana wakwana zaka ziwiri koma liwu palibe. Mukamuitana sacheuka. Mvula ikamagwa pa malata amatseka makutu n'kulira osatonthola. Phala likakhala ndi timibulu amalavula. Tipite kuti, tikanene chiyani?

Ndaganiza zolemba yankho kamodzi, kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Ine si dokotala, ndipo dzina la vuto la mwana wanu sindingakuuzeni. Amene angakuuzeni dzinalo atangoona kavidiyo pa foni musamumvere. Chimene ndikudziwa ndi njira yake: poyambira, mapepala ofunika, ndi mawu oti mukanene kuti asakubwezeni chimanjamanja.

Koma pali zina zosadikira malangizo. Ngati mwana akukomoka kapena kugwa khunyu, ngati wasiya zimene ankatha kale (ankayenda, tsopano sayenda, ankati "amama", tsopano ali duu), ngati pakati pa diso pakuoneka poyera m'malo mwa pakuda, ngati mutu ukukula mothamanga kuposa thupi, kapena ngati amatsamwa pafupifupi nthawi iliyonse akamadya ndipo akuwonda, nyamukani naye lero lomwe. Zinazi mudzawerenga pobwera.

1. Yerekezani ndi msinkhu wake, osati ndi mwana wa aneba

Ana sakula mofanana, zoona. Koma kusiyanako kuli ndi malire ake, ndipo malirewo ndi amene muyenera kudziwa. Pofika miyezi 9 mwana amakhala pansi popanda womugwira. Pofika chaka chimodzi amabwebweta "bababa", "mamama", amacheuka mukatchula dzina lake, amakweza manja kuti mumunyamule. Pofika miyezi 16 pamakhala mawu enieni, ngakhale amodzi kapena awiri. Pofika miyezi 18 amayenda yekha ndipo amaloza. Pa zaka 2 amalumikiza mawu mwa iye yekha: "ababa apita", "madzi ena". Pa zaka 3 ngakhale mlendo amamva zambiri zimene akunena.

Za kulozazi mvetsetsani. Sindikunena kuloza kofuna nthochi kokha. Galimoto ya fodya ikadutsa pamsewu, mwana amailoza n'kutembenukira kwa inu kuti nanunso muone. Kutembenukako n'kofunika kwambiri. Mwana amene sachita zimenezi, amene akafuna chinthu amangogwira dzanja lanu n'kulikokera pachitseko osakuyang'anani kumaso, mulembeni m'kope limene tinene pansipa.

Wobadwa masiku asanakwane, chotsani nthawi imene anafulumirayo powerenga msinkhu wake, mpaka atakwana zaka 2: wofulumira ndi miyezi iwiri, akakhala ndi miyezi 12 muwerengeni ngati wa miyezi 10. Ndipo kumva Chichewa, Chinyungwe ndi Chipwitikizi pakhomo limodzi sikuchedwetsa mwana kuyankhula. Amasakaniza, inde, koma amayankhula. Powerenga mawu ake, phatikizani a zinenero zonse.

Palinso zina zosakhudza kuyenda kapena kuyankhula, koma mmene thupi la mwana limalandirira phokoso, kuwala, fungo, kakomedwe ndi kukhudzidwa. Ana ena zimawafika mopitirira muyeso. Chigayo, njinga yamoto, zokuzira mawu zakutchalitchi, zonse zimawapweteka. Kumeta ndi nkhondo, kuwenga zikhadabo ndi nkhondo, juzi amaivula ngakhale m'chisanu cha Juni. Ena zimawafika moperewera: amagwa mpaka magazi osalira, amazungulirazungulira osamva chizungulire, amatafuna kolala ya malaya, amanunkhiza chilichonse, amayenda monyang'ama. Chimodzi chokha mwa izi si matenda. Ana ambiri amaopa chigayo. Funso ndi lakuti, kodi zikumulepheretsa kudya, kugona, kusamba kapena kusewera ndi anzake? Ngati inde, n'zoyenera kupita nazo kuchipatala.

2. Onetsetsani kwa masabata awiri, muzilemba

Kuchipatala mudzapatsidwa mphindi zochepa, ndipo mwana amene kunyumba amakuwa tsiku lonse akhoza kukhala phee kumbuyo kwanu pamaso pa enfermeira. Pitani ndi umboni.

Gulani kope. Muzilembamo zimene mwaona, osati zimene mukuganiza. "Ndi wamwano" sizithandiza munthu. Zothandiza ndi izi: "Lachiwiri ndinamuitana katatu ali pafupi, akundandalika zitsekerero za mabotolo, sanacheuke. Nditatsegula pepala la bisiketi anathamangira." Lembani mawu onse amene amanena, mmene amawatchulira iyeyo. Lembani zakudya zimene amalola, zimene zimamuliritsa, kulirako kumatenga nthawi yotani, chimamutontholetsa n'chiyani, amagona nthawi yanji. Funsaninso amene amatsala naye inu muli kumunda, chifukwa agogo kapena mchemwali wake amaona zimene inu simuona. Ngati kulemba kumavuta, jambulani mawu anu pa foni madzulo alionse.

Jambulaninso mavidiyo aafupi, osapitirira mphindi imodzi: mukumuitana dzina muli kumbuyo kwake, akusewera yekha, ali pakati pa ana anzake, akudya. Ngati amangoti ndwii maso kwa kanthawi osamva kanthu, kapena amaphupha ngati akukomoka, wina ajambule inu mukumusamalira. Mugonekeni cham'mbali, osamuika supuni kapena chala mkamwa. Ambiri amajambula nthawi zoipa zokhazokha, koma dokotala amafunanso kuona zimene mwana amatha. Mavidiyowa ndi a kuchipatala, osati a m'magulu a WhatsApp.

Masabata awiri akwana. Musasandutse miyezi.

3. Fukulani cartão, kumbukirani mbiri

Cartão de Saúde da Criança ndi khadi ya sikelo ija. Ambiri timaisunga bwino mpaka katemera wa chikuku wa miyezi 18, kenako kusikelo timasiya, khadi n'kulowa pansi pa sutikesi. Chonsecho khadiyo ndi ya mpaka zaka 5, ndipo msinkhu umene timasiyira sikelo ndi womwe mavuto a kuyankhula amayamba kuonekera. Ngati inanyowa kapena kutayika, pitanibe. Kapempheni ina kumene mwana ankabayitsa katemera. Ngati muli ndi mabuku awiri, la kuno ndi la ku Malawi (tikudziwana, a kufupi ndi Calómuè ndi Zóbuè ambiri amapita ku Dedza kapena ku Mwanza), tengani onse awiri, musabise.

Musanapite, khalani pansi mukumbukire: anabadwira kuti? Analira atangobadwa kapena anachedwa? Anamuika pa mpweya? Anachita chikasu masiku oyambirira? Anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo, matenda oumitsa khosi, mafinya m'khutu, kunyentchera? Mimba yake inayenda bwanji? Kuchimuna kapena kuchikazi alipo wosamva, wakhunyu, kapena amene anachedwa kwambiri kuyankhula? Mafunsowa sofunira wolakwa ayi. Malungo ofika ku ubongo ndi matenda oumitsa khosi amatha kusiya kusamva kapena khunyu mwana atachira bwinobwino, ndipo kubanika pobadwa ndi chikasu chachikulu zimatha kukhudza kuyenda ndi kumva. Dokotala akadziwa mbiri amadziwa poyambira kufufuza.

4. Konzani za pakhomo

Malangizo ambiri amalembedwa ngati mayi angadzuke m'mawa n'kungonyamuka. Kuno ndalama ya chapa nthawi zambiri ili m'manja mwa bambo, agogo ali ndi mawu, ndipo amalume a mwana nawonso amafuna kuuzidwa. Mudzamva zambiri. "Bambo ake anayankhula ali ndi zaka zinayi." "Ana aamuna amachedwa." "Ndi tsempho." "Alipo anamukhwimira." Zina mwa izi zimabaya, chifukwa chala chake chikuloza inu.

Musayambe ndi dzina la matenda limene mwaona pa Facebook, mungoyatsa mkangano. Yambani ndi makutu. "Ndikufuna akamuone makutu." Makutu sakana munthu. Onetsani bambo vidiyo ija ya kuitana dzina, muwapemphe ayese okha. Ngati n'kotheka apite nawo kuchipatala, chifukwa zimene adzimvera okha kwa dokotala sadzazitsutsa ngati zimene mwabwera nazo inu.

Za asing'anga ndi mapemphero sindikuletsani, ndikudziwa kuti ambiri mudzapitabe. Koma pa izi musagonje: asamudule pansi pa lilime ndi lezala, asamuthire mankhwala kapena mafuta m'khutu, asamumange, asamusalitse kudya, ndipo ngati akumwa mankhwala a khunyu asasiyitsidwe. Zimene wamwa kwa asing'anga kazinene kuchipatala. Kusamva, khunyu ndi autismo (vuto la kakulidwe lokhudza kuyankhula ndi kucheza ndi anthu) sizibwera chifukwa cha mdulo kapena mwambo wolumphidwa, sizipatsirana, ndipo katemera sayambitsa autismo.

5. Pa Centro de Saúde: apa ndi pamene ambiri amabwerera

Zipatala zathu zimayenda mwa makwerero. Mumayambira kwa APE, wazaumoyo wa m'mudzi uja, kapena pa Centro de Saúde yapafupi. Kuchoka apo ndi chipatala chachikulu cha m'boma lanu, monga Hospital Rural de Ulónguè, kenako Hospital Provincial de Tete, ndipo zikafunika, Hospital Central da Beira. Chokukwezani pa sitepe iliyonse ndi pepala lotchedwa guia de transferência. Kukwera chapa wa ku Tete opanda guia, poganiza kuti mufupikitsa njira, nthawi zambiri n'kutaya ndalama.

Pa Centro de Saúde pali zitseko zitatu za ana. Consulta da Criança Sadia ndi sikelo ija: kulemera, katemera, vitamini A, ndi kuona kakulidwe. Consulta da Criança Doente ndi ya mwana wodwala. Consulta da Criança em Risco, imene amangoti CCR, ndi ya ana ofunika kuwatsatira mwapadera: obadwa ochepa thupi, amapasa, onyentchera, obadwa kwa mayi amene ali ndi HIV, ndiponso ochedwa kakulidwe. Amayi ena amathawa CCR poopa kuti anthu pa bicha aganiza za HIV. Musathawe. Akakulozerani kumeneko ndiye kuti akumvani.

Tsopano taganizani mmene zimakhalira. Enfermeira ali yekha, bicha yafika pansi pa mtengo, akuyeza, akulemba, akuitana wotsatira. Mwana wanu ndi wonenepa bwino, katemera anamaliza. Mukangokhala chete, alembedwa kuti ali bwino, ndipo sizolakwa za enfermeira: sikelo imaona thupi. Ndiye yankhulani inuyo poyamba, mwana asanakwere sikelo. Mwachitsanzo:

"Amayi, pepani, lero sindinabwerere sikelo yokha. Mwanayu ali ndi zaka ziwiri ndi miyezi itatu. Alibe mawu ngakhale amodzi, sacheuka ndikamuitana, ndipo saloza. Ndalemba m'kopemu, ndiponso ndili ndi vidiyo."

Msinkhu, zinthu zitatu zikuluzikulu, umboni. Basi. Nkhani yaitali ya mimba musunge mpaka atafunsa. Mawu akuti "ndi wovuta", "ndi wamakani", "samvera" asiyeni kunyumba, chifukwa mukawanena mulandira uphungu wa kaleredwe m'malo mwa kuyezedwa. Yesererani mawu anuwo usiku wake, mokweza. Zikuoneka zachibwana, koma pakhomo la consulta mtima umagunda ndipo mutu umabalalika.

Ogwira ntchito ena anachokera zigawo zina ndipo Chichewa sachimva bwino. Tengani womasulira wamkulu amene amamudziwa mwanayo, osati kamtsikana ka sukulu kamene kadzachite manyazi n'kufupikitsa zonse. Lembaninso mawu awa patsamba loyamba la kope, mukhoza kungowaonetsa: "Não fala" (sayankhula), "Não responde ao nome" (sacheuka akaitanidwa dzina), "Não aponta" (saloza), "Perdeu palavras que já dizia" (wataya mawu amene ankanena), "Estou preocupada com o desenvolvimento" (ndili ndi nkhawa ndi kakulidwe kake).

Yankho limene ambiri amalandira ndi lakuti, "Dikirani, adzayankhula." Nthawi zina n'zoona. Musakangane nawo, ndipo musanyamuke. Funsani mwaulemu zinthu zitatu. Choyamba: "Ndidikire mpaka liti? Mundipatse tsiku lobwerera." Chachiwiri: "Chonde lembani nkhawa yangayi mu cartão," m'Chipwitikizi "Peço para escrever no cartão." Chachitatu: "Ndikabwera tsikulo zisanasinthe, mudzandipatsa guia?" Kudikira mwezi umodzi mpaka itatu, tsiku lili lolembedwa, n'komveka. Kudikira "mpaka adzayambe sukulu" musavomere.

Kulembako ndiye mutu wa nkhani yonseyi. Ogwira ntchito amasinthana, ndipo mudzapeza wina ulendo wotsatira. Popanda cholembedwa mudzayambiranso pachiyambi, n'kuuzidwanso kuti dikirani. Pakakhala cholembedwa, aliyense wotsegula cartão aona kuti mayiyu anadandaula kale, nthawi yapita, ndipo palibe chasintha. Kukana guia pamenepo kumavuta.

Koma ngati mwana wakwana zaka 2 opanda mawu ndiponso saloza, kapena wataya zimene ankatha, kudikira kulibenso malo. Pemphani kuonana ndi técnico de medicina kapena dokotala tsiku lomwelo. Zikakanika, bwererani tsiku lina lopepuka, osati Lolemba kapena tsiku la msika, mukapemphe kuyankhula ndi mkulu wa chipatalacho. Liwu likhale lofatsa, pempho likhale lomwelo. Safunsa anadya phula.

Mukadali pomwepo pemphani amusuzumire m'makutu, amuyeze malungo ndi kuchuluka kwa magazi, makamaka ngati amadya dothi kapena makala kapena amangodya nsima yopanda ndiwo. Ngati simukudziwa mmene mwana alili pa HIV, yezetsani, chifukwa HIV yosalandira mankhwala imachedwetsa kakulidwe.

Guia ikaperekedwa, musaipinde n'kuthamanga. Onani ngati dzina likufanana ndi la pa cartão, ngati pali deti, chidindo, chipatala chimene mukupita ndi chifukwa chake. Ijambuleni pa foni. Funsani masiku amene consulta imeneyo imagwira ntchito, ndiponso ngati pamafunika marcação, kutanthauza kukalembetsa tsiku kaye. Guia si yogulitsa.

6. Makutu ayezedwe ndi makina, ngakhale mukhulupirire kuti amamva

"Amamva, foni ikalira amathamangira." Izi ndimazimva kwa pafupifupi kholo lililonse. Mwana wosamva pang'ono amamva phokoso lalikulu koma tizigawo tofewa ta mawu, monga s, f ndi ts, timamudutsa, ndiye mawu amamufika oduka. Kuwomba m'manja kapena kumenya poto kumbuyo kwake sikuyeza kanthu: amaona mthunzi, amamva kugwedezeka kwa pansi, n'kucheuka. Mwana wosamva bwino amaoneka ngati wamwano, amaonekanso ngati wa autismo, ndipo chithandizo chake n'chosiyana. N'chifukwa chake makutu amayamba.

Siyanitsani zinthu ziwiri. Kusuzumira m'khutu ndi katochi kumaonetsa phula, mafinya kapena kuboola kwa mkati, sikuyeza kamvedwe. Kamvedwe kamayezedwa ndi makina, ndipo kwa ana aang'ono pali njira zosafuna kuti mwana ayankhe: ina amaika kachipangizo kofewa m'khutu kwa mphindi zochepa, ina amamata timawaya pamutu mwana ali mtulo. Pemphani "teste de audição". Makinawa amakhala m'zipatala zikuluzikulu, ndipo otorrino, dokotala wa makutu, mphuno ndi pakhosi, ndi amene angakulozereni kumene akugwira ntchito nthawi imeneyo. Mabanja ena a m'malire amakayezetsa ku Malawi, monga ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kumene kuli gawo loyeza makutu. Mukatero, yendani ndi mapepala oolokera malire, ndipo zotsatira mubwere nazo zolembedwa kuti zilowe m'mbiri ya mwana kuno.

Akapezeka kuti samva, yambani msanga kuyankhula naye ndi manja ndi kufunsa za Língua de Sinais Moçambicana, chinenero cha manja cha dziko lino, ndi zothandizira kumva. Manja saletsa pakamwa kutseguka.

Maso nawonso: ngati amayandikitsa zinthu kumaso, amapunthwa pafupipafupi, kapena diso limodzi limalowa mkati kapena kuthawira kunja, nenani kuti aonedwe ku oftalmologia.

7. Ulendo wa kwa akatswiri

Kuchoka ku Ulónguè kukafika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200, kudzera ku Mussacama ndi ku Moatize mpaka kuoloka Zambezi. Mwana wozolowera mphepo yakumapiri amatsikira m'ng'anjo, makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Kwa mwana amene phokoso ndi kupanikizana zimamupweteka, chapa yokhayo ndi mayeso. Pitani akuluakulu awiri. Khalani kuwindo, kutali ndi sipika. Tengani madzi ambiri, chakudya chimene amalola, chitenje chomuphimba, ndi kanthu kake kamene amakonda kugwira, ngakhale katakhala kachitsekerero. Konzani pogona, chifukwa zinthu sizitha tsiku limodzi nthawi zonse. Musamumwetse mankhwala ogonetsa. Dokotala ayenera kumuona mmene alili. Pa bicha, mmodzi aime pamzere, wina akhale ndi mwana panja pamthunzi.

Woyamba kumuona ndi pediatra, dokotala wa ana. Iyeyo akhoza kukutumizani kwa psicólogo kapena kwa técnico de psiquiatria e saúde mental. Dzinali lisakuopseni: sakunena kuti mwana wapenga. Anthu amenewa amapezekanso m'maboma ambiri, ndipo m'dziko muno ndi amene amasamaliranso za khunyu. Fisioterapeuta amathandiza za kukhala, kuima ndi kuyenda. Terapeuta da fala ndi wa kuyankhula ndi kumeza. Terapeuta ocupacional ndi amene amadziwa kwambiri za phokoso, zovala, kudya ndi kugwiritsa ntchito manja. Awiri omalizawa ndi ochepa m'dziko lonse, ndipo ambiri ali m'mizinda ikuluikulu. Mukamupeza mmodzi, musangomusiyira mwana: pemphani akuphunzitseni zoti muzichita kunyumba, ndipo akalola jambulani pa foni.

Musayembekeze kuti magazi kapena chithunzi cha mutu zionetsa autismo. Siioneka choncho. Amafunsa mafunso ambiri ndi kuonerera mwana akusewera, mwina maulendo angapo. Pali fomu ya mafunso 20 oyankha inde kapena ayi, yotchedwa M-CHAT-R, ya ana a miyezi 16 mpaka 30. Imangosonyeza amene akufunika kufufuzidwa mozama, siyipereka dzina. Poyankha, makolo timakonda kuikira mwana kumbuyo. Chinthu chimene anachita kamodzi pa Khirisimasi timati "amatha". Yankhani zimene amachita masiku onse.

Musatuluke osafunsa: mwapeza chiyani, chotsatira n'chiyani, kunyumba tichite chiyani, tibwerere liti. Pemphani relatório médico, kalata yofotokoza zimene apeza, ndi kapepala kobwerera nako ku Centro de Saúde yanu. Chitani fotokope, choyambirira musapereke kwa wina aliyense.

8. Dzina likaperekedwa, kapena likapanda kuperekedwa

Pa pepala mukhoza kuona "atraso do desenvolvimento", kuchedwa kakulidwe, mawu ofotokoza mmene zilili pamene chifukwa chikufufuzidwabe. Mukhoza kuona "atraso da fala", "perda auditiva" (kusamva bwino), "paralisia cerebral", "epilepsia", kapena "autismo". Bungwe la WHO linanena kuti pa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi amakhala ndi autismo, ndiye simuli nokha m'boma lanu, ngakhale ena akubisa ana m'nyumba. Ana a autismo amasiyana kwambiri: ena amadzayankhula n'kuphunzira sukulu ndi anzawo, ena amafuna chithandizo moyo wonse, ndipo pa zaka ziwiri palibe amene angalosere. Mwana amene vuto lake ndi phokoso ndi zakudya zokha akhoza osapatsidwa dzina lililonse, koma thandizo likumuyenerabe.

Mankhwala ochiza autismo kulibe. Wogulitsa mavitamini, tiyi kapena madzi "otsuka ubongo" akufuna ndalama zanu za mbatatesi. Khunyu ndiye lili ndi mankhwala, omwa tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo amasinthidwa ndi achipatala okha.

9. Podikira musakhale manja lende

Pakati pa guia ndi consulta pakhoza kupita miyezi, ndipo m'mera m'poyamba. Zimene ndinene apazi sizipweteka mwana aliyense, kaya vuto lake ndi liti.

Khalani naye pamphasa, maso anu alingane ndi ake. Tsatirani chimene iye akuyang'ana, muchitchule ndi mawu amodzi kapena awiri: "nkhuku", "nkhuku ikudya". Mukanena, khalani chete muwerenge mpaka khumi mumtima. Ana ambiri otere amayankha mochedwa ndipo ife timawadula. Mpatseni chosankha, nthochi m'dzanja ili, mbatata m'dzanja ilo, ndipo kuyang'ana kapena kutambasula dzanja mukulandire ngati yankho. Foni ndi TV zichepe: WHO imalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaonere, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku.

Pa chakudya musamupanikize pakati pa miyendo n'kumutsina mphuno. Akhoza kutsamwa, ndipo mantha ake amangokula. Ikani kachakudya katsopano kochepa pambali pa chimene amachidziwa, tsiku ndi tsiku, ngakhale angokakhudza. Phala limene amalola lilemeretseni pang'onopang'ono ndi nsinjiro zosefa bwino kapena dzira. Phokoso likamabwera muchenjezeni lisanafike, ndipo chisoti chophimba makutu chimathandiza ena. Pometa yesani sizasi m'malo mwa makina. Kukwapula mwana amene watseka makutu sikumuphunzitsa kanthu, chifukwa sakuchita dala.

Chitetezo musachichedwetse. Mwana wosamva ululu msanga asasiyidwe pafupi ndi moto kapena mbaula. Wokonda kuthawa amakopeka ndi madzi: vundikirani chitsime, migolo ndi ndowa, ndipo auzeni aneba kuti akamuona yekha panjira ya kudambo amugwire, ngakhale asayankhe akamuitana. Sokerani nambala ya foni mkati mwa malaya ake.

10. Mapepala a boma ndi sukulu

Ngati mwana sanalembetsedwe ku registo, chitani tsopano. Cédula idzafunika paliponse. Ndi relatório médico pitani ku Acção Social, ku ofesi ya boma lanu ya SDSMAS, kapena funsani permanente wa INAS, woimira bungwe la boma lothandiza ovutika m'dera lanu, za Subsídio Social Básico, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja ovutika. Si banja lililonse limene limalandira, amaona umphawi wa pakhomo ndi kukula kwa ulumali, koma kufunsa n'kwaulere.

Ana amalowa 1ª classe pa zaka 6, ndipo ndondomeko ya boma ndi yakuti ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzawo. Musadikire tsiku la matrícula. Chaka chisanathe kaonaneni ndi director wa sukulu muli ndi fotokope ya relatório, mufotokoze zimene mwana amatha, zimene zimamuopsa, ndi pamene ayenera kukhala m'kalasi: kutsogolo ngati samva bwino, kutali ndi chitseko ngati amathawa. Zikavuta, pitani ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu, SDEJT, mufunse amene amayang'anira educação inclusiva, maphunziro ophatikiza ana olumala ndi anzawo. Funsaninso za Centro de Recursos de Educação Inclusiva ya ku Tete, imodzi mwa zitatu zimene boma linakhazikitsa pamodzi ndi za ku Gaza ndi ku Nampula, makamaka ngati mwana wanu samva kapena saona. Kope lija mupite nalonso kumeneko, ndipo muzilembamobe mawu atsopano ndi deti lake, chifukwa pa consulta yotsatira funso loyamba lidzakhala lakuti chasintha n'chiyani.